Kupakanso ukulele pakhomo: mafuta, vanishi, shelaki kapena supuleyi?

Musanapite ku mashopu a ku Down Shops ku Chipata kukagula chitini chilichonse, yambani mwayang'ana m'mphepete mwa bowo la pamimba pa ukulele wanu, kagitala kakang'ono ka nsambo zinayi kaja. Ngati mizere ya mtengo ikutsika kuchokera pamwamba pa thabwa mpaka pansi osadukiza, thabwalo ndi lenileni. Mukaona timagawo titatu tosanjikizana, ndi pulayiwudi, ndipo maukulele ambiri otsika mtengo ali m'gulu limeneli. Kagawo kakunja ka pulayiwudi, kamene kamaoneka kokongola kaja, kawirikawiri sikapitirira theka la milimita. Mukakwecha mphindi zochepa ndi sandipepa wokhakhala mumakaboola, n'kutulukira guluu ndi kagawo kotuwa kamkati, ndipo banga limenelo palibe vanishi amene angalibise. Alipo enanso amene kumbuyo ndi m'mbali mwawo ndi pulasitiki. Amenewo thinazi amawasungunula, choncho asawayandikire.

Chachiwiri choti mukhale nacho m'mutu n'chakuti mawu a ukulele amachokera pa thabwa lapamwamba. Thabwali limakhala la mamilimita pafupifupi 2, nsambo zake n'za nayiloni zosakoka kwambiri, ndipo ukulele wamng'ono uja wa soprano salemera ngakhale theka la kilogalamu. Chilichonse chimene mungapake pamenepo chimalemeretsa thabwa ndi kulilepheretsa kunjenjemera. Zopaka zonse zikauma zisakhuthale kuposa pepala limodzi la m'kope. Njira zonse zimene zili m'munsimu muziziyesa ndi muyeso umenewu. Kuwala kokha kusakunyengeni, chifukwa ukulele wonyezimira kwambiri nthawi zambiri ndi amene amalira mobanika.

Pali maukulele ena osayenera kuwakhudza n'komwe. Chida chimenechi chinabadwira ku Hawaii, amisiri ochokera ku chilumba cha Madeira atafika kumeneko mu 1879, ndipo kampani ya Kamaka ya ku Honolulu yakhala ikuwapanga kuyambira mu 1916 ndi mtengo wa koa wa komweko. Ngati mwapatsidwa wa Kamaka kapena wakale wa kampani ya Martin, kumupala vanishi wake n'kugwetsa mtengo wake. Mupukuteni basi.

Kudziwa chimene chinapakidwa kale

Sankhani malo obisika, monga kuseri kwa mutu, mudonthezepo sipiriti ndi kathonje. Pakafewa n'kuyamba kunanda, ndi shelaki, utomoni wosungunula mu sipiriti. Pakapanda kusintha, yesani thinazi pambali pake. Pakafewa, ndi lacquer wa nitrocellulose, vanishi wopopera wouma msanga. Zonse ziwiri zikakanika, muli ndi polyurethane kapena polyester wa ku fakitale, wolimba ndiponso wokhuthala, ndipo pa maukulele otchipa yankho limakhala limeneli pafupifupi nthawi zonse.

Kenaka tsukani. Ambiri amapukuta zida zawo ndi polishi wa pansi monga Cobra, kapena polishi wopopera wa mipando. Woyambayo ndi phula ndipo penti samata pa phula. Ambiri mwa opoperawo ali ndi silikoni, amene amachititsa penti watsopano kuthawa n'kusiya timaenje tozungulira. Pukutani ndi kansanza konyowetsa ndi turpentine, mukusintha kansanzako kawiri kapena katatu, ndipo chitani zimenezi musanakweche. Mukayamba n'kukwecha, phula lija mumalilowetsa m'mikwingwirima ya sandipepa.

Kupala zonse, kapena kungokwecha pamwamba

Ngati ukulele ndi wa pulayiwudi kapena pulasitiki ndipo mukufuna mtundu watsopano, musapale. Vanishi wa ku fakitale uja ndi maziko abwino kale, osalala ndiponso otseka timabowo ta mtengo. Mukwecheni ndi sandipepa wa 320 kapena 400 (nambala ikamakwera, sandipepa amakhala wosalala kwambiri) mpaka kuwala konse kutachoka, osapitirira pamenepo. Pomwe pakuwalabe ndi pomwe penti adzayambire kusupuka, makamaka pokumanira khosi ndi thupi. Zoona, mukuwonjezera kulemera pa thabwa lolemera kale, koma ngozi yoboola kagawo kaja ndi yaikulu kuposa phindu limene mungapeze pa mawu.

Kupala mpaka pa mtengo n'koyenera thabwa likakhala lenileni, kapena vanishi wakale akang'ambika n'kumasupuka yekha. Shelaki amachoka ndi sipiriti, nitrocellulose ndi thinazi, pang'onopang'ono ndi kansanza. Vuto lili pa polyester. Mankhwala ochotsera penti a m'zitini kawirikawiri amangomukanda pamwamba, pomwe kamzere ka pulasitiki ka m'mphepete ndi zokongoletsa za pabowo amazidya msanga, ndipo akalowa m'malumikiziro amafewetsa guluu. Makina owuzira mpweya wotentha amamutukula ndithu, koma guluu wa matabwa amafewa pa madigiri 60 kapena kupitirira pang'ono, ndiye mungapeze buliji (kathabwa ka pamimba komangirirapo nsambo) yasuntha kapena timitanda tamkati tamatuka. Pa kathabwa ka mamilimita 2, moto sindikuuvomereza.

Chotsala ndi manja. Akalipentala ena a ku Kapata, ku Chipata konko, amapala matabwa ndi chidutswa cha galasi losweka, ndipo njira imeneyi imagwira bwino pa vanishi wolimba kuposa sandipepa, amene amatsekeka msanga. Gwirani galasi kapena lezala yolimba mopendeketsa pang'ono, muzikoka motsata mizere ya mtengo. Zotuluka zikasintha kuchoka pa ufa woyera n'kukhala utuchi wa mtundu wa mtengo, imani. Malizani ndi 180 kenaka 240, sandipepa mutamukulunga pa kachidutswa ka patapata yakale kuti asakumbe ndi nsonga za zala. Pakati pa thabwa lapamwamba musatsindikepo. Limapindika pansi pa dzanja, ndiye sandipepa amadya kwambiri pamene pali timitanda tamkati, n'kusiya mafunde amene amadzaonekera vanishi atalowa. M'makona ingodutsani kamodzi, chifukwa m'menemo ndi momwe mumabooka poyamba.

Njira iliyonse imene mwasankha, chotsani nsambo, makiyi ochunira ndi kafupa ka pa buliji, tizomangira mutiike m'kachitini. Buliji musaichotse ngati ili yolimba. Iphimbeni ndi tepi ya pepala, mudule tepiyo ndi lezala motsata m'mphepete mwake. Phimbaninso pamene pali mafuleti, timawaya topingasa ta pakhosi tija. M'bowo lowetsani nyuzipepala, pamwamba pake katoni yodula mozungulira, kuti penti asagwere mkati. Waya wopinda wodutsa m'bowo la kiyi ndiye pokolekera.

Mafuta

Iyi ndi njira yosavuta kuposa zonse ndiponso yosalemeretsa thabwa, koma imafuna mtengo wopanda kanthu pamwamba. Mafuta ake ndi boiled linseed oil kapena Danish oil. Linseed wosaphika amatha masabata asanaume. Mafuta ophikira a mpendadzuwa kapena a mtedza, ngakhale ali ponseponse kuno kum'mawa, sauma molimba. Amangonanda, kugwira fumbi ndi kununkha, ndipo akalowa mu thabwa palibe vanishi amene adzamatepo bwino. Oyilo wa galimoto ndiye osayerekeza.

Sakanizani mafuta ndi turpentine theka ndi theka pa ulendo woyamba. Pakani ndi kansanza, dikirani mphindi 10 kapena 15, pukutani mpaka pasatsale chonyowa, musiye maola 24. Bwerezani maulendo 4 mpaka 6. Cholakwika chofala n'kusiya mafuta ambiri pamwamba poganiza kuti alowa okha. Amene atsala pamwamba amagwirana n'kukhala ngati utomoni, ndipo muyenera kuwachotsa ndi turpentine n'kuyambiranso. Pa thabwa lapamwamba, makamaka likakhala la spruce loyera lija, pakani pang'ono zedi, chifukwa mtengo wofewa umamwa mafuta ambiri ndipo mawu amazimiririka.

Mitengo ya mahogany ndi koa ili ndi timabowo tooneka, monga momwe ilili mbawa ndi mlombwa wathu. Mukafuna kuti pasalale, pa ulendo wachiwiri kwechani ndi sandipepa wa madzi wa 400 mafuta akadali onyowa. Phala la utuchi ndi mafuta limalowa m'timabowomo. Lipukuteni mopingasa mizere kuti musalitulutsenso.

Kuipa kwa mafuta n'kwakuti sateteza kwenikweni ku thukuta ndi zikhadabo, ndiponso samawala. Tinsanza ta linseed tikaunjikana timatentha tokha mpaka kuyaka moto. Tiyanikeni potambasula panja kapena timizeni m'madzi.

Vanishi wosungunula, wopaka ndi kansanza

Kwa munthu amene akuchita koyamba pa thabwa lenileni, njira iyi ndiyo ndingamusankhire. Vanishi wa polyurethane wa mafuta amapezeka m'mashopu a zomangira ambiri, ndipo chitini chaching'ono chimakwanira n'kutsalako. Chimene chimawononga maukulele ndi kumupaka ndi bulashi monga momwe timachitira pa chitseko. Amakhuthala, amayenderera m'mbali, amasiya mizere, ndipo pouma maola ambiri amagwira fumbi lonse la m'nyumba.

M'malo mwake thirani mamililita 50 a vanishi ndi 50 a turpentine m'kabotolo, mutakase osakhutchumula kuti musachite thovu. Onani pa chitini kuti chosungunulira chake ndi turpentine, chifukwa vanishi wa madzi sasakanizika naye. Pindani kansalu ka thonje kosathothoka ubweya, kanyowetseni pang'ono, mudutse kamodzi motsata mizere, osabwereranso pomwe mwadutsa. Pakaoneka kuti pena paphonyeka, ulendo wotsatira udzakonza. Dikirani usiku umodzi. Pakatha maulendo awiri aliwonse kwechani mopepuka ndi 400 kapena 600 kuchotsa tinthu ta fumbi. Kumbuyo ndi m'mbali pakani maulendo 6 mpaka 8, pamwamba 4 kapena 5 akwana.

Maulendo awiri oyamba amakhumudwitsa, chifukwa mtengo umamwa mosiyanasiyana ndipo pamaoneka mawangamawanga. Kuwala kofanana kumayamba cha pa ulendo wachinayi. Vanishi ameneyu amachititsa mtengo woyera kuoneka wachikasu pang'ono, ndipo akadzakandika sakonzeka mosavuta, popeza watsopano sasungunukirana ndi wakale. Koma thukuta, madzi ndi mowa sizimuopsa, ndipo kwa ukulele woyenda nawo ku kwaya kapena kusukulu zimenezo n'zofunika.

Mukafuna kudetsa mtengo ndi stain, pakani musanayambe vanishi, ndipo yesani kaye pa thabwa lina. Pomwe panatsalira guluu stain salowa. Pukutani mtengo ndi kansanza konyowa pang'ono ndi madzi musanayambe, malo oterowo adzaonekera, ndipo tiubweya ta mtengo tidzadzuka kuti mutichotse ndi 320 pakauma.

Shelaki

Pa nkhani ya mawu, shelaki amaposa onse, ndipo ndi amene amisiri a magitala apamwamba a nsambo za nayiloni amakonda pa thabwa lapamwamba. Sapezeka m'shopu iliyonse, mwina mungafunike kuitanitsa ku Lusaka kapena ku Lilongwe. Amabwera ngati timapale touma. Sungunulani magalamu 12 m'mamililita 100 a sipiriti, musiye tsiku limodzi, musefe ndi kansalu. Sipiriti wofiirira wa m'mashopu uja ali ndi utoto umene ungasiye mtundu pa mtengo woyera, choncho funani woyera wamphamvu, wa maperesenti 95 kapena kuposa. Wa maperesenti 70 ali ndi madzi ambiri ndipo shelaki amatuwa naye.

Kulungani kathonje m'kansalu, kanyowetseni pang'ono, mudutse mwachangu osaima. Mukaima, kansalu kamamata n'kusiya chidindo. Amauma m'mphindi zochepa, ndiye fumbi silipeza mpata, ndipo mungapake katatu kapena kanayi pa tsiku. Kuti afike powala ngati galasi pamafunika masabata ndi dzanja lozolowera, koma kusalala kwa pakatikati aliyense angakufikire. Amaopa mowa, kutentha kwa m'galimoto yotseka ndi thukuta la mkono. Akawonongeka mumangopakaponso ndipo watsopano amasungunukirana ndi wakale. Wosakaniza kale akapitirira miyezi 6 amayamba kuchedwa kuuma, choncho sakanizani wochepa.

Supuleyi ya m'chitini

Wofuna ukulele wofiira, wobiriwira kapena wakuda, njira yake ndi iyi, ndipo ndi imene ili ndi misampha yambiri. Msampha waukulu ndi kusakaniza mitundu. Zitini zina ndi enamel, zina ndi lacquer. Lacquer ali ndi thinazi wamphamvu, ndipo mukamupopera pamwamba pa enamel amamudya, penti yense n'kuchita makwinya nthawi yomweyo. Gulani pulayima (penti wa maziko), penti ndi kiliya (wopanda mtundu wotetezera pamwamba) za kampani imodzi ndiponso za mtundu umodzi, ndipo yesani zonse zitatu pa kathabwa kena musanakhudze ukulele. Pa soprano kapena concert (wokulirapo pang'ono) chitini chimodzi cha chilichonse chimakwanira. Thupi likakhala la pulasitiki, pulayima akhale wolembedwa kuti ndi wa pulasitiki.

Khutchumulani chitini mphindi 2 zathunthu. Poperani muli pa mtunda wa masentimita 20 mpaka 25, muyambire kunja kwa ukulele ndi kumalizira kunja, mzere uliwonse ukuphimba theka la unzake. Ulendo woyamba ukhale ngati nkhungu chabe, pansi pakuonekabe. Pulayima kawiri, kwechani ndi 600 akauma, penti katatu, kiliya katatu kapena kanayi, mukusiya mphindi 10 mpaka 15 pakati. Werengani pa chitini za nthawi yobwereza. Enamel wambiri amafuna kuti mubwereze ola lisanathe kapena mudikire masiku awiri, ndipo mukapopera pakati pa nthawi ziwirizi amakwinyika ngakhale ali wa chitini chomwecho.

Mukayandikira kwambiri penti amayenderera. Musamupukute, musiyeni aume masiku awiri mumusalaze ndi 600 pa kathabwa kosalala. Mukatalikira, kapena kunja kukatentha kwambiri, penti amafika atauma kale ndipo pamakhala pokhakhala. Poperani panja pamthunzi popanda mphepo, kutali ndi mbaula, mutavala chotseka mphuno cha mankhwala. Kansalu kapakamwa sikatseka nthunzi ya thinazi.

Kuuma pogwira ndi kulimba n'zosiyana. Lacquer amafuna masabata 3 kapena 4 musanamupolishe, ndipo enamel amakhala wofewa nthawi yaitali kuposa pamenepo, moti mukaika ukulele m'chikwama msanga nsalu yamkati imadinda pa penti. Fungo likamamvekabe mukayandikitsa mphuno, sanalimbe. Akalimba, salazani ndi sandipepa wa madzi 1000, 1500 ndi 2000, kenaka rubbing compound wa magalimoto. Madzi akhale ochepa, chifukwa akalowa m'mabowo a makiyi mtengo umatupa ndipo penti amang'ambika mozungulira bowo. Dziwaninso kuti nitrocellulose amasungunuka akagundana ndi mankhwala odzola othamangitsa udzudzu okhala ndi DEET, ndiponso amawonongeka akakhalitsa pa labala kapena lamba wa pulasitiki wofewa.

Ena amapita nawo kwa opopera magalimoto kuti awapake 2K. Penti ameneyu amalimba ndi hadena, amawala kwambiri ndipo sachedwa. Hadena wake ali ndi isocyanate, mankhwala owononga mapapo, choncho si wogwiritsa ntchito pakhomo. Vuto lina n'lakuti mmisiri wa magalimoto anazolowera kupopera mokhuthala. Phimbani nokha zofunika kuphimba musanapite, ndipo nenani momveka kuti, "Bambo, pamwambapa muwaze mopyapyala, kiliya kawiri kokha." Penti wa gloss wa zitseko ndi PVA wa makoma musawaganizire n'komwe. Woyambayo amakhuthala n'kubanika mawu, winayo amachoka ndi thukuta.

Ofuna kujambula maluwa kapena mapatani a chitenge agwiritse ntchito penti wa acrylic wa ojambula zithunzi, pa pulayima wokwecha, ndipo zojambula zambiri zipite kumbuyo ndi m'mbali. Zisiyeni ziume masiku awiri kapena atatu. Kiliya woyamba akhale nkhungu yopyapyala kawiri, chifukwa wonyowa kwambiri amasungunula mizere, makamaka yolembedwa ndi cholembera cha maka (marker).

Nyengo imasankhanso njira

Kuyambira December mpaka March, chinyontho chimavutitsa lacquer ndi shelaki. Thinazi akamauluka amaziziritsa pamwamba, nthunzi ya madzi n'kutsekeredwa mkati, ndipo pamatuwa ngati pathiridwa mkaka. Cha m'nyengo ya Nc'wala, mu February, supuleyi isiyeni kapena dikirani masana a tsiku louma. Kutuwako kukachitika, nthawi zambiri kumachoka mukapoperanso mopyapyala tsiku lopanda chinyontho. Mafuta ndi vanishi nawonso amachedwa kuuma m'dzinja, ndiye onjezani tsiku pakati pa maulendo.

Cha m'nyengo ya Kulamba, kumapeto kwa August, mpaka October, mdani ndi fumbi la mphepo ndi phulusa la tchire lopsa. Vanishi wochedwa kuuma amavutika kwambiri pamenepa. Wazani madzi pansi m'chipinda, tsekani mawindo, mukoleke ukulele m'katoni yaikulu yoimika. Mu October poperani m'mawa kusanatenthe. Miyezi yabwino ndi May, June ndi July, bola musayambe m'mamawa kukuzizira. Ukulele musauyanike padzuwa kuti uume msanga. Mpweya wa m'timabowo ta mtengo umafufuma n'kutulutsa timatuza mu vanishi, ndipo thabwa lenileni limatha kung'ambika.

Khosi lisapakidwe mofanana ndi thupi. Likawala kwambiri chala chachikulu chimakakamira pa thukuta, choncho mafuta maulendo atatu, kapena vanishi wozimitsa kuwala ndi sandipepa wa 1000, ndi zomwe zimayenda bwino m'manja. Sitiliwulu wotsukira mapoto ndi wokhakhala kwambiri pa ntchito imeneyi. Pa thabwa la mafuleti sipapakidwa vanishi. Madontho awiri kapena atatu a linseed, opukuta mpaka kuuma, akwana.

Pochotsa tepi, yambani mwadutsa ndi lezala m'mphepete mwa buliji kuti penti asanyamuke nayo. Ngati buliji inali itayamba kale kutukuka, ino ndiyo nthawi yoimata. Palani pansi pake ndi pamalo pake mpaka pa mtengo weniweni, chifukwa guluu wa matabwa sagwira pa penti, muipanikize maola 24. Mtunda wochokera pa kafupa ka kumutu kufika pa kafupa ka pa buliji ukhale kuwirikiza kawiri mtunda wofika pa fuleti ya 12, kuwonjezerapo milimita imodzi kapena awiri. Pa soprano zimakhala pafupifupi masentimita 33 mpaka 35, pa concert 38, pa tenor 43. Mabowo a makiyi akachepa ndi penti, akuzeni ndi sandipepa wokulunga pa pensulo, osakhomera kiyi mokakamiza. Nsambo zatsopano za nayiloni zimatamuka kwa sabata imodzi kapena ziwiri, ndiye muzichuna G, C, E, A tsiku lililonse mpaka zitakhazikika musanaweruze mmene ukulele ukulirira.